Kalasi yopanda denga: ophunzira zachilengedwe akawoloka malire

Kumadzulo kwa dziko la Uganda, pafupi ndi tauni ya Fort Portal, kuli nkhalango yaikulu yotchedwa Kibale. M'mphepete mwake, pamalo otchedwa Kanyawara, yunivesite ya Makerere ili ndi malo ochitirako kafukufuku, okhala ndi nyumba zogona, chipinda chophunziriramo ndi tinjira tambirimbiri tolowa m'nkhalangomo. Kwa zaka zambiri malowa akhala akulandira magulu a ophunzira a m'sukulu za ukachenjede ochokera m'maiko osiyanasiyana. Amafika ndi zikwama, majombo, makope ndi mapensulo, n'kukhala mwezi wathunthu akuyeza mitengo, kulondola anyani ndi kulawirira m'mamawa kukamvetsera kulira kwa mbalame.

Kholo lomwe lagulitsa fodya kapena mbuzi kuti mwana afike kuyunivesite likhoza kufunsa kuti: sukulu yanji imeneyi yoti mwana akwere ndege kukathamangitsana ndi agulugufe kwa eni? Funsoli n'lomveka ndipo ndiliyankha. Maganizo anga ndi akuti maphunziro amtunduwu dziko lino likuwasowa kwambiri, ndipo chondidandaulitsa n'chakuti ulendo wake ukuyenda mbali imodzi. Ana a m'maiko ena amabwera kudzaphunzirira panyanja ndi m'mapiri athu, koma mwa ana athu ndi ochepa chabe omwe amawoloka malire kukaona za kwa anzathu.

Phunziro lomwe tikukamba pano pa Chingerezi amati natural history. Ndiko kudziwa chamoyo pamalo pomwe chimakhala: dzina lake, chomwe chimadya, chomwe chimachidya, nyengo yomwe chimaswana ndi zomwe zimachitika chikasowa. Luso limeneli si lachilendo kwathu kuno. Msodzi wodziwa mwezi womwe utaka umasonkhana ali nalo, sing'anga wosiyanitsa mizu iwiri yofanana ali nalo, ngakhalenso mayi wodziwa bowa wodyedwa ndi wakupha. Chomwe yunivesite imawonjezera ndi kulemba, kuyeza ndi kufananitsa. Tsono munthu angafananitse bwanji ngati nkhalango yomwe adaiona ndi imodzi yokha, nyanja ndi imodzi yokha?

Limodzi mwa mabungwe omwe akhala akutengera ophunzira ku Kibale ndi la Tropical Biology Association, lomwe lidayamba mu 1993 ndipo lili ndi maofesi ku Cambridge ndi ku Nairobi. Bungweli lachititsanso maphunziro omwewa ku Amani m'mapiri a Usambara ku Tanzania komanso ku Kirindy pachilumba cha Madagascar. Chomwe ndimalitamira nacho n'chakuti pagulu lililonse pafupifupi theka la ophunzira amakhala a muno mu Africa, omwe amathandizidwa pa zolipira, ndipo theka linalo limachokera ku Ulaya ndi madera ena. Aphunzitsi nawo amakhala osakanikirana chimodzimodzi.

Masabata oyamba amakhala oyenda ndi aphunzitsi. Lero akuphunzira kutchera ukonde wopyapyala wogwirira mbalame, kuiyeza phiko ndi mlomo, n'kuimasula isadatope. Mawa alowa mumtsinje kukavundukula miyala kuti aone tizilombo tomwe timasonyeza ngati madzi ali abwino kapena owonongeka. Tsiku lina atambasula chingwe cha mamita 100 m'nkhalango n'kulemba mtengo uliwonse womwe uli m'mbali mwake. Madzulo amakhala m'kalasi. Masabata otsiriza ophunzira amakhala awiriawiri, kawirikawiri ochokera maiko osiyana, n'kusankha funso lawolawo, kulifufuza, kulilemba ndi kulifotokoza pamaso pa anzawo omwe sachedwa kutsutsa.

Mafunso ake amaoneka aang'ono. Kodi agulugufe amachuluka pati, pomwe dzuwa likulowa chifukwa mtengo udagwa kapena pamthunzi? Kodi ndowe ya nyani imatha maola angati tizilombo tofukula ndowe tisadaikwirire? Koma munthu yemwe wayesapo kuyankha funso lotere ndi manambala otola yekha, mvula ikumuvumba, linthumbu litamukwera m'miyendo, saiwala kuti nambala iliyonse ya mu lipoti ili ndi mwini wake yemwe adaivutikira, ndiponso kuti ikhoza kukhala yolakwika. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo m'phunziro ili mwambiwu ndi lamulo la tsiku ndi tsiku.

Nkhalango ya Kibale n'njoyenera kuphunziriramo pa zifukwa ziwiri. Choyamba, muli mitundu 13 ya nyama za m'banja la anyani ndi apusi, kuphatikizapo achimpanzi, omwe kwathu kuno kulibe. Chachiwiri, ndipo ichi ndiye chachikulu, kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 mbali zina za nkhalangoyi adazidula mitengo kwambiri, zina pang'ono, zina osazikhudza n'komwe. Katswiri wa ku America Thomas Struhsaker adayamba kafukufuku wake kumeneko mu 1970, ndipo kuchokera nthawi imeneyo anthu akhala akulemba zomwe zikuchitika m'zigawo zimenezi. Wophunzira wa lero amatha kuyenda mtunda waufupi kuchoka m'nkhalango yomwe sidalawe nkhwangwa kulowa m'yomwe idadulidwa makolo ake asadabadwe, n'kudzionera yekha kuti padakali zipsera. Mwana wa ku Dzalanyama kapena ku Zomba ataona zimenezi sangamvenso mawu oti "mitengo imaphukanso" monga momwe ankawamvera kale.

Kunja kwa nkhalangoyo kuli alimi omwe njovu ndi anyani zimawadyera chimanga ndi nthochi, ndipo m'madera ena adakumba ngalande zakuya zotchinga njovu. Uwu ndi mlandu womwe anthu ozungulira Liwonde ndi Kasungu akuudziwa bwino.

Kutsidya kwa nyanja yamchere, ku Costa Rica, kuli sukulu ina yakale kuposa iyi. Mu 1963 mayunivesite angapo a ku United States pamodzi ndi yunivesite ya Costa Rica adapanga bungwe la Organization for Tropical Studies kuti ophunzira awo aziphunzirira m'nkhalango zenizeni za kumalo otentha. Malo awo otchuka ndi La Selva, komwe kwalembedwa mitundu ya mbalame yoposa 400. Dziko lonse la Costa Rica silifika ndi theka lomwe la Malawi kukula kwake, koma lidakhala kalasi ya akatswiri ambiri a zachilengedwe a ku America. Masiku ano bungwe lomweli limatengeranso ophunzira ku Kruger National Park ku South Africa, komwe amakhala miyezi ingapo ndipo zomwe aphunzira zimawerengeredwa pa digiri yawo kwawo.

Mmodzi mwa omwe adaphunzitsa pa maulendo a ku Costa Rica ndi Daniel Janzen. Mu 1970 iye adafotokoza chifukwa chomwe m'nkhalango za kumalo otentha mumakhalira mitundu yambirimbiri ya mitengo posakanikirana, mmalo moti mtundu umodzi ulande malo onse. Adati mbewu zogwera pansi pa mtengo womwe wazibereka zambiri zimafa, chifukwa tizilombo ndi matenda a mtengowo amakhala atadikira pomwepo. Zopulumuka ndi zomwe mbalame, mleme kapena nyani wazitengera patali. Katswiri wina, Joseph Connell, adafika pa ganizo lomweli payekha. Tanthauzo lake kwa ife n'lakuti mukatha anyani ndi mbalame m'nkhalango, mitengo imaoneka ili chiimire koma mwaidula kale mphukira zake.

Mwambo wophunzitsira kutchire ndi wakalekale. Carl Linnaeus, Mswidishi yemwe adakhazikitsa dongosolo lopatsa chamoyo chilichonse maina awiri a Chilatini, ankaphunzitsa pa yunivesite ya Uppsala kuyambira mu 1741. M'nyengo yotentha ankatuluka ndi chikhamu cha ophunzira kukatola zomera, pobwerera akuimba ng'oma ndi malipenga. Ophunzira 17 omwe ankawadalira adapita maiko akutali kukatola zamoyo, ndipo iye ankawatcha atumwi ake. Carl Peter Thunberg adakhala zaka zitatu ku Cape asadapitirire ku Japan. Koma 7 mwa iwo sadabwerere, adafera kwa eni. Peter Forsskål adamwalira ndi malungo ku Yemen mu 1763 ali ndi zaka 31 zokha.

Nkhani ya Charles Darwin anthu ambiri amaiyambira pa sitima, koma idayambira m'kalasi. Ali ku Edinburgh, komwe udokotala udamukanika, ankalipira munthu wakuda wotchedwa John Edmonstone, yemwe adali kapolo ku Guyana asadamasulidwe, kuti amuphunzitse kusenda ndi kusunga zikopa za mbalame. Atapita ku Cambridge kukakonzekera ubusa, adakopeka ndi mphunzitsi wa zomera John Stevens Henslow, yemwe ankatenga ophunzira ake kukayenda m'madambo ndi m'minda. Henslow yemweyo ndiye adatchula dzina la Darwin pomwe kudamveka kuti sitima ya Beagle ikufuna mnyamata wodziwa zachilengedwe. Sitimayo idanyamuka pa 27 Disembala 1831, Darwin ali ndi zaka 22, ndipo idabwerera mu Okutobala 1836. Zolipira za mnyamatayo adapereka ndi bambo ake, omwe adali dokotala wolemera. Mfundo imeneyi tiisunge, tiifuna kutsogoloku.

Pa zilumba za Galápagos adangokhalapo masabata asanu mu 1835. Aphunzitsi amakonda kukumbutsa ophunzira kuti timbalame tina tofanana ndi mpheta tomwe adatola kumeneko sadatilembe bwino chilumba chomwe kalikonse kadachokera. Atafika ku London, katswiri wa mbalame John Gould adamuuza kuti timbalameto, ngakhale milomo yake idali yosiyana kwambiri, tidali ta banja limodzi. Darwin adachita kukapempha zolemba za anzake a m'sitima kuti adziwe komwe tidagwidwa. N'chifukwa chake mpaka lero lamulo loyamba pa maulendowa ndi lakuti chilichonse chomwe watola uchilembe pomwepo malo, tsiku ndi dzina lako, ndipo ulembe ndi pensulo poti inki imasungunuka ndi mvula.

Tsono tibwere kwathu. Zomwe Darwin adaona pa timbalame towerengeka, m'nyanja ya Malawi zilimo mazanamazana. Nyanjayi ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse padziko lapansi. Za m'banja la chambo, mbuna ndi utaka zokha akatswiri amati zili pakati pa mitundu 700 ndi 1,000, ndipo pafupifupi yonse sipezeka kwina kulikonse. Ina imapala ndere pamiyala, ina imaphwanya nkhono, ina imadya mamba a nsomba zinzake. Zazikazi zimasunga mazira ndi ana m'kamwa. Zazimuna za mitundu ina zimaumba timilu ta mchenga tokopera zazikazi. N'chifukwa chake paki ya Lake Malawi National Park, yomwe idakhazikitsidwa mu 1980, idalowa m'kaundula wa UNESCO wa malo ofunika padziko lonse mu 1984, ndipo ophunzira a ku Ulaya, America ndi Japan akhala akubwera kudzasambira ku Cape Maclear ndi ku Nkhata Bay ali ndi zolembera m'manja.

Koma taonani komwe nzeru za nyanjayi zidasungidwa. John Kirk, dokotala yemwe ankayenda ndi David Livingstone, adatola nsomba zathu n'kuzitumiza ku London, komwe Albert Günther adazilemba mu 1864. Umodzi mwa mitundu ya chambo udalandira dzina lake la sayansi kumeneko. Mu 1935 mayi Ethelwynn Trewavas adalemba mitundu yambiri yatsopano kuchokera ku nsomba zosungidwa m'mabotolo ku British Museum, ndipo nyanja yeniyeniyo adadzaiona mu 1939. M'zaka za m'ma 1950 Geoffrey Fryer adakhala ku Nkhata Bay akufufuza nsomba za m'miyala, ndipo dzina loti mbuna, lomwe lero likudziwika kwa oweta nsomba m'magalasi padziko lonse, lidachokera kwa asodzi a Chitonga. Mkungudza wa pa Mulanje, mtengo wa fuko lathu, dzina lake la sayansi limakumbutsa Alexander Whyte, yemwe ankagwira ntchito m'boma la atsamunda.

Pali nsomba ina yomwe imagona cham'mbali pamchenga ngati yafa. Tinsomba tikayandikira kuti tidye mtembo, iyo imadzambatuka n'kutimeza. M'mabuku a sayansi dzina lake limakumbutsa Livingstone, koma asodzi adali ataitcha kale kalingono poona kagonedwe kakeko. Eni nyanja adaona khalidweli kalekale. Adalemba ndi kusainira ndi alendo.

Sindikunena izi ponyoza alendowo. Ambiri mwa iwo adagwira ntchito yotamandika, ndipo paja mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Kalumo kawo kadali kakuti adaonapo nyanja zina, nkhalango zina ndi zosungidwa za maiko ena, choncho chomwe ife timachiona ngati chawamba iwo ankachizindikira kuti n'chosowa. Mwana wokulira ku Chembe amayesa kuti nyanja iliyonse ili ndi tinsomba tabuluu ndi tachikasu m'miyala. Amafunika ataimapo m'mphepete mwa nyanja ina kuti adziwe chomwe ali nacho.

Nyanja yoyenera kuti akaione ndi Victoria. Kumeneko nako kudali mitundu mazana angapo ya nsomba za m'banja lomweli. M'zaka za m'ma 1950 mudaikidwa chinsomba cholusa chotchedwa Nile perch, chomwe chimatha kupitirira makilogalamu 100, poganiza kuti usodzi upita patsogolo. Kwa zaka zambiri sichidaoneke ngati vuto. M'ma 1980 chidaswana modabwitsa, ndipo akatswiri a yunivesite ya Leiden omwe ankafufuza kufupi ndi Mwanza adaona nsomba zomwe ankaziphunzira zikuzimirira pamaso pawo. Akuti mitundu pafupifupi 200 idasowa, ngakhale kuti kuda kwa madzi kaamba ka zonyansa ndi kukokoloka kwa nthaka kudathandizirapo. Mafakitale ogulitsa nsombayo ku Ulaya adatsegulidwa ndithu, ndalama zidalowa, koma zotayikazo sizidzabwereranso.

Ifenso tidatsala pang'ono kuyesa zofanana. Kapenta wa m'nyanja ya Tanganyika adamuika m'damu la Kariba mu 1967 ndi 1968, ndipo adaswana mpaka kufika ku Cahora Bassa. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 kudabwera ganizo loti aikidwenso m'nyanja ya Malawi kuti azidya chakudya chomwe ankati chikungothera ku nkhungu, tizilombo touluka tija timafuka ngati utsi pamwamba pa madzi. Akatswiri ena adakana kwamtuwagalu, ponena kuti usipa, utaka ndi nsomba zina zimadalira chakudya chomwecho, ndipo chamoyo ukachiika m'nyanja yaikulu chotere sungachichotsenso. Ganizolo silidachitike. Omwe adatsutsawo ankadziwa nyanja zingapo. Maganizo otere adzabweranso, mwina ndi nsomba ina yoweta m'makola, ndipo padzafunika Amalawi okhoza kuimirira pamsonkhano n'kunena zomwe adaona ndi maso awo kwa anzathu. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Kholo lija lofunsa za agulugufe ndiliyankhe ndi nkhani ya chinangwa. M'zaka za m'ma 1970 kachilombo koyera ngati ufa, komwe alimi athu amati kodikodi, kadalowa mu Africa kuchokera ku South America. Kuno kadalibe mdani, choncho kadafalikira m'maiko ambiri n'kumapinimbiritsa chinangwa, ndipo m'ma 1980 kadafika m'minda ya m'mphepete mwa nyanja yathu, komwe kondoole ndiye chakudya. Mankhwala opopera sakadakwanira minda ya alimi mamiliyoni. Akatswiri a tizilombo adaganiza kuti kwawo kwa kachilomboka kuyenera kukhala china chake chomwe chimakaletsa kuchuluka. Adasakasaka m'maiko angapo mpaka kadapezeka ku Paraguay, pamodzi ndi kamavu kakang'ono kwambiri komwe kamaikira mazira m'thupi mwake. Kamavuko adakayesa mosamala kuti katsimikizike kuti sikawononga zina, adakamasula ku Nigeria mu 1981, kenako m'maiko ena ambiri kuphatikizapo lathu. Hans Herren, yemwe adatsogolera ntchitoyi, adalandira mphotho ya World Food Prize mu 1995. Chinangwa cha Africa chidapulumuka chifukwa anthu ena ankadziwa kugwada m'munda wa kudziko lachilendo n'kuyang'anitsitsa kunsi kwa tsamba.

Namasupuni wa mu Shire naye adachokera ku South America. Mbozi zomwe zidasautsa alimi a chimanga kuyambira cha m'ma 2017 zidachokera ku America. Adani a mbewu zathu akuyenda maiko, ndiye owadziwa asamayende?

Pali zotsutsa zomwe sindingazibise. Choyamba ndi ndalama. Monga zidalili ndi Darwin, maulendowa amakomera omwe makolo awo ali nazo. Wophunzira wa ku America amalipira madola masauzande angapo kuti akhale miyezi itatu ku Africa, pomwe mnzake wa kuno akusowa ya lendi ndi ya chakudya kumapeto kwa mwezi. Onjezerani pasipoti, katemera wa yellow fever yemwe maiko ena amafuna, ndi kusowa kwa ndalama zakunja. Chachiwiri, maulendo ena ndi ongokaona malo atavala chovala cha sukulu. Masiku khumi, mapaki anayi, zithunzi za mikango pa Facebook, basi. Njira yozindikirira ndi yosavuta: funsani ngati ophunzira adakhala pamalo amodzi nthawi yokwanira kudziwa mitengo yake ndi maina, ndiponso ngati adabwerako ndi kope lodzaza.

Chachitatu n'chomwe chimandiwawa. Gulu limatera, kutola nsomba, masamba kapena magazi a nyama, kujambulitsa ndi ana a m'mudzi, n'kunyamuka. Wopalasa bwato yemwe adawalozera pomwe nsombayo imaswana satchulidwa paliponse, ndipo lipoti limatuluka m'magazini yomwe laibulale ya kuno singakwanitse kugula. Malamulo oletsa izi alipo. Pangano la Nagoya la mu 2010, lomwe Malawi adalowamo, limati chuma cha zamoyo chisatengedwe popanda chilolezo ndi mgwirizano wogawana phindu, ndipo kuno kafukufuku amayenera kuvomerezedwa kudzera ku National Commission for Science and Technology ndi nthambi zokhudzidwa. Ine ndikadakonda chilolezocho chizibwera ndi mfundo ina yoonjezera: yunivesite yakunja yobweretsa ophunzira khumi izisiya mipando ingapo ya ophunzira a ku Zomba, Bunda, Mzuzu kapena Thyolo pa ulendo womwewo, ndipo chilichonse chotoledwa chizikhala ndi chinzake chotsala kuno, monga ku National Herbarium and Botanic Gardens ku Zomba. Zomwe a Tropical Biology Association amachita zasonyeza kuti kusakaniza kotere n'kotheka, ndipo alendowo ndiwo amapindula kwambiri poyenda ndi munthu wodziwa chiyankhulo ndi dzina la mtengo.

Ubwenzi wobadwira pa maulendo otere umakhalitsa. Anthu omwe adagawana tochi ndi mankhwala a udzudzu kwa mwezi umodzi ndi omwe patapita zaka khumi amalemberana kuti kwatuluka mwayi wa maphunziro, kapena kuti tiyeni tipemphe limodzi ndalama za kafukufuku.

Komanso tisamaganize kuti kunja ndi ku London kokha. Mayunivesite athu sangakwanitse ndege ya ku Costa Rica, koma basi ya ku Zambia angaikwanitse. Kuchoka ku Lilongwe kudzera ku Mchinji ndi Chipata, munthu amafika ku Mfuwe tsiku lomwelo, m'chigwa cha Luangwa momwe muli mtundu wa kadyamsonga wosapezeka kwina kulikonse, ndi mtsinje waukulu womwe sudatsekedwe ndi damu, wosefukira ndi kusintha njira mwaufulu. Wophunzira wodziwa Shire yekha, yemwe madzi ake amayendetsedwa ndi zitseko za pa Liwonde, akhoza kuphunzirapo zambiri pongofananitsa mitsinje iwiriyi. Mapiri a Nyika ali mbali zonse ziwiri za malire, ndipo maiko awiriwa adasainirana pangano losamalira limodzi malowa mu 2015.

Ku Mozambique kuli Gorongosa, komwe nkhondo ya pachiweniweni ya 1977 mpaka 1992 idatha pafupifupi njovu 9 mwa 10 zilizonse, minyanga yake ikugulitsidwa kugulira zida. Nkhondo isadayambe, njovu zazikazi zobadwa zopanda minyanga zidali zosakwana imodzi mwa zisanu. Mwa zomwe zidapulumuka, pafupifupi theka zidali zopanda minyanga, chifukwa opha njovu ankazisiya, ndipo ana aakazi ambiri adatengera amayi awo. Zomwe ophunzira amaloweza m'buku zokhudza kusintha kwa zamoyo, kumeneko zikuyenda ndi miyendo inayi. M'paki yomweyo mudatsegulidwa labotale ya E.O. Wilson mu 2014, ndipo achinyamata a ku Mozambique amachita digiri yachiwiri ya kasamalidwe ka zachilengedwe akukhala m'pakimo. Chakumpoto kwake, osati patali ndi Mulanje, kuli phiri la Mabu, lomwe nkhalango yake akatswiri adayamba kuiona pa zithunzi za Google Earth mu 2005, ngakhale anthu a m'deralo ankaidziwa kuyambira kale. Magulu omwe adakwerako kuyambira mu 2008 adapezako agulugufe, njoka ndi anamzikambe omwe sayansi idali isadawalembe. Funso loti zamoyo za pa Mabu zikufanana bwanji ndi za pa Mulanje ndi la ophunzira a maiko awiriwa, ndipo Chichewa ndi Chilomwe zimamveka mbali zonse.

Ndikadakhala woyang'anira dipatimenti ya bayoloje, ndikadayamba ndi ulendo umodzi pachaka wa ophunzira a chaka chomaliza, wa masabata awiri, ogona m'matenti ndi kudziphikira okha, mogwirizana ndi yunivesite ya dziko loyandikana nalo kuti chaka chotsatira iwo abwere ku Cape Maclear kapena ku Mulanje. Ndikadauika mu Novembala n'kulowera ku Kasanka, paki yaing'ono ya m'chigawo chapakati cha Zambia kufupi ndi Serenje. Kuyambira kumapeto kwa Okutobala mpaka mu Disembala, mileme yodya zipatso mamiliyoni angapo imasonkhana m'kankhalango ka m'dambo ka mahekitala owerengeka, yochuluka moti nthambi zimathyoka. Dzuwa likamalowa imanyamuka yonse kukadya masuku ndi zipatso zina za m'tchire pamtunda wa makilomita ambiri, n'kumamwaza njere m'njira monse. Ntchito ya ophunzira ikadakhala kuyala nsalu pansi pa mitengo madzulo, m'mawa n'kuwerenga njere zomwe zagwerapo, ndipo pobwerera kwathu akayale nsalu zomwezo pansi pa misuku ya ku Dedza.